Rejimi ya Mphaka wa Amalume

Anandichotsa pasukulu ku Fíngoè ndili kalasi yachisanu kuti ndikaphikire amalume. Palibe amene anandifunsa. Amayi anangofika tsiku lina masana, fumbi mpaka m'mawondo, nati, "Longedza. Alamu anga atsala pamsewu." Akazi a amalume anakwera lole, lole inaponda bomba lokwirira pansi, nkhani inathera pomwepo. Mwamuna wamasiye sangadziphikire, ndiye mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi asiye sukulu. M'kalasi monse munalibe wolemba bwino kuposa ine. Ndinanyamula nsalu ziwiri, lapizi, ndi kaderno mmodzi amene ndinali nditangolembamo masamba atatu.

Amalume ankakhala kufupi ndi Malowera, m'mudzi wa mizere, umodzi mwa midzi imene boma linatisonkhanitsamo, nyumba zonse kuyang'ana mbali imodzi. Ndiwo ankasunga kiyi wa loja, sitolo ya kooperativa. Anali munthu wamtali, wachete, wovala jekete lakuda tsiku lililonse, kaya kutenthe bwanji. M'nyumba mwawo ndinapezamo mphasa ziwiri, mpando wothyoka mwendo, ndi mphaka.

Mphakayo anabadwira m'kantina, kasitolo ka Mpwitikizi wina amene anathawa chaka cha ufulu. Akazi a amalume ankachapa zovala kumeneko, ndipo mzunguyo pochoka anawasiyira mpando uja ndi kamphaka kofula. Ana analibe. Zaka zonsezo anamulera ndi mkaka wa mbuzi, mtedza wosinja ndi chilichonse chotsala m'mbale. Pamene ine ndinamuona, mimba inkakhudza pansi, mutu unali ngati wobwereka kwa mphaka wina. Khoswe ankatha kumudutsa pamphuno, iye n'kungotsegula diso limodzi. Ana a m'mudzimo ankamutcha mtsamunda womaliza.

Ndinamuda tsiku loyamba lomwelo. Ine ndasiya sukulu, iye wagona pamphasa yabwino.

Chaka chimenecho mvula inavuta, ndipo chifukwa cha nkhondo lole inkabwera ikafuna. Itabwera, inatsitsa mchere, sopo pang'ono ndi matumba awiri a nsomba zouma. Nsomba zinatha mzere usanafike pakati. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ndiye mphaka uja, amene samayenda n'komwe, tsiku limenelo anali atanyamulidwa ndi amalume kuti akaopseze makoswe, ndipo anagona pakhomo penipeni pa loja, mimba ili padzuwa.

Mayi wina wa mapasa, mwana kumbuyo mwana kutsogolo, analoza ndi chibwano.

"Nsomba zathu ndi izo zagona apozo. Mukuzifunanso kuti?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali koipa. Madzulo ake kunali msonkhano.

Sekretariyu wa m'mudzimo anali mlimi ngati wina aliyense, kungoti anamupatsa cholembera chapathumba ndi mawu angapo a Chipwitikizi. Anaimirira pansi pa mtengo wamisonkhano, nayang'ana amalume.

"Kamarada, anthu aonda, mbuzi zaonda, ngakhale agalu aonda. Mphaka wanu akudya kuti? Kuyambira lero katundu azigawidwa ine ndili pomwepo. Tikupatsani miyezi iwiri. Mphaka akapanda kuonda, ndiye kuti muli ndi pobisa. Chamboko pamaso pa anthu onse, kenako tikutumizani ku Fíngoè akakufunseni bwino."

Amene ankatumizidwa kukafunsidwa bwino, ena ankabwerako, ena ayi.

Ine pakamwa sipanachedwe. "Nanga akaonda, sindiye kuti ankadyadi za loja?"

"Akaonda ndiye kuti kamarada wadzikonza."

"Nanga akafa?"

"Ndiye kuti mwabisa umboni. Abwere wamoyo. Mwana wa yani ameneyu?"

Mpaka lero sindimvetsa kuti mlanduwo unali wotani. Chimene ndinamva n'chakuti msana wa amalume unali pamimba pa mphaka.

Kunyumba ndinati, "Timutaye kuthengo, tipeze wina woonda wofanana naye."

Amalume anati, "Mudzi wonse ukumudziwa. Ndipo ukamukhudza, ubwerere kwa amako."

Anakhala pampando wothyoka uja, mphaka pamiyendo.

Ine ndinaganiza mwachidule. Chonenepetsa ndi chakudya, ndiye chakudya chichoke. M'mawa amalume atapita ku loja, ndinamuvindikira ndi dengu kuseri kwa khola la mbuzi, mwala pamwamba, kachigoba ka madzi m'kati. Amalume atafunsa ndinati wayamba kuyendayenda, ndipo ndi bwino. Masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinavundukula kuti ndione ntchito yanga. Sanaonde ngakhale pang'ono. Anangokhala ndwii, dovu kukamwa, ubweya utaima. Ndinamuikira nsomba pamphuno, iye anatembenuza mutu. Mphaka amene ankadya ngakhale khoko la dzungu anakana nsomba.

Apo ndiye ndinachita mantha. Akafa, ndabisa umboni ndine.

Ndinamuika m'thumba, ndinayenda mpaka ku postu ya zaumoyo ku Malowera. Linali Loweruka, tsiku loyeza ana. Enfermeru wake, wochiza odwala pamenepo, anali mkulu waimvi, magalasi omanga ndi waya. Ndinadikira pamzere ndi amayi a ana, thumba pamiyendo.

"Mwana ali kuti?" anandifunsa itafika nthawi yanga.

"Ali m'thumbamu."

Anasuzumira, navula magalasi, nawavalanso. "Mwanawe, ine ndimachiza anthu."

"Ndi munthu amene mukumuchiza. Akafa uyu, amalume akwapulidwa."

Nkhaniyo anali ataimva kale. Ndinamuuza za dengu. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndinayesetsa. Iye anandikalipira pamaso pa amayi onse aja.

"Sukulu unalekera pati iwe? Mphaka wonenepa samanidwa chakudya! Mafuta ake omwewo amathamangira kuchiwindi, m'maso n'kuchita chikasu, basi wapita. Ndinagwirapo ntchito mumzinda wa Tete, kwa dotolo amene mkazi wake ankaweta amphaka asanu. Ndinakwirira mmodzi chifukwa cha nzeru ngati zakozi."

Anamutsegula zikope, anamuyang'ana m'kamwa ndi m'makutu. Chikasu munalibe. Anati ndili ndi mwayi woposa nzeru zanga. Kenako anamulowetsa m'kabudula woyezera ana, namukoleka pa balansa, sikelo yolendewera pamtanda wa denga. Muvi unazungulira n'kukaima pa makilu asanu ndi awiri ndi timizere tiwiri.

Mayi wa mapasa uja anali pomwepo. Ana ake anali atangoyezedwa kumene, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anafika pamenepo.

"A enfermeru," anatero, "nambala imeneyo mulembe pa kartau wa kusikelo wa mwana wangayu. Mphakayo mumupatse yathuyi."

Palibe anaseka. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike.

Enfermeru ananditengera pakhonde. Anati choyamba mphaka ayambe kudya: ndisinje nsomba, ndisakanize ndi madzi ofunda, ndizimupatsa pachala pang'onopang'ono kangapo patsiku. Akayamba kudya yekha, ndipeze kachitini kakang'ono, muyezo ukhale womwewo tsiku lililonse, theka m'mawa theka madzulo. Nsomba kapena mbewa, osati mtedza, osati mkaka, osati makombo. Aziyenda. Loweruka lililonse ndizibwera naye ana onse akatha kuyezedwa.

"Pasabata atsike kamzere kamodzi. Kakapitirira, wonjezera chakudya. Akasiya kudya tsiku lathunthu, thamanga kuno."

"Kamzere kamodzi? Ndili ndi miyezi iwiri yokha!"

"Ndiye atsika timizere tisanu ndi titatu. Ukafuna zambiri, kumba dzenje."

Anandigwira dzanja, naliika m'mbali mwa mphaka. "Papasa. Ukumva nthiti?"

"Ayi."

"Tsiku limene uzidzazimva osakanikiza, wafika. Uyu akufunika rejimi, ndipo rejimi sathamangitsa."

Ndinadzidzimuka. Liwu limenelo ndinkalidziwa. Pamsonkhano uliwonse tinkakweza nkhonya kugwetsa rejimi ya atsamunda. Ndiponso anthu ankanong'onezana kuti wailesi ya a m'tchire, zigawenga zomenyana ndi boma, inkatcha boma lathu lomweli rejimi. Tsono mphaka alowamo bwanji?

"Rejimi yake iti?"

Anaseka. "M'Chipwitikizi, munthu akamadya moyeza kuti achepe thupi, amati ali pa rejimi. Liwu ndi lomwelo."

Pobwerera ndinalitafuna liwulo njira yonse. Ndinafika pomaliza pakuti n'zoona, ndi chinthu chimodzi: rejimi ndi pamene wina akukuyezera chakudya. Ndinadziona wanzeru. Nditafika, ndinatulutsa kaderno uja, ndinatsegula tsamba loyera, ndinalemba pamwamba ndi zilembo zazikulu zokongola, REJIMI, n'kudula mzere pansi pake ndi mpeni m'malo mwa rula. Kuyambira tsiku limene anandichotsa sukulu, aka kanali koyamba kugwira lapizi. Liwu lakuti mphaka sindinalilembe paliponse. Ndikanalilemberanji? Ndinkadziwa ndekha zimene ndinkayeza.

Mphaka anayamba kunyambita chala changa tsiku lomwelo. Patapita masiku atatu anadya yekha. Ndinapeza kachitini ka sardinya kakale, ndinakhwatcha mzere m'kati mwake ndi msomali. Nsomba zapaloja zinali zitatha, ndiye ndinkavuula timatemba kumtsinje ndi nsalu, nthawi zina kukumba mbewa kumunda. Mkaka wa mbuzi ndinayamba kupereka kwa mayi wa mapasa uja. Sanathokoze, ndipo ine sindinayembekeze.

Kumuyendetsa ndiye kunali ntchito. Ndinamanga nthenga za nkhuku kuchingwe, ndikuzikoka pabwalo. Iye ankaziyang'ana, n'kundiyang'ana ine, ngati akufunsa kuti wamisala ndani. Ndiye ndinayamba kuika chakudya chake patali, lero pakhomo, mawa pakhola, mkuja pamwamba pa chitsa. Ankapita akulira njira yonse, mimba ikugwedezeka uku ndi uku. Anthu odutsa ankaima.

"Taonani wa kalasi yachisanu akuphunzitsa mtsamunda ntchito!"

"Amulipiritse msonkho!"

Ine ndinkawatukwana chamumtima, nthawi zina mokweza.

Loweruka lililonse, thumba paphewa, ulendo ku postu. Nthawi zina mfuti zinkamveka kutali cha kumapiri, ine ndikuyenda ndi mphaka kukamuyeza. Ndinkadzifunsa kuti akandipeza a m'tchire ndidzanena kuti ndikupita kuti. Muvi unatsika kamzere kamodzi, kenako kamodzi, kenako kamodzi. Ndinkalemba nambala, pambali pake mawu ochepa. "Rejimi yayamba." "Rejimi ikuyenda bwino." "A enfermeru akuti rejimi yothamanga imapha." Sindinganame, zinkandikoma. Manambala otsika mwadongosolo pamzere wowongoka, zolemba zanga. Sabata yachitatu mphaka anathamangira nthenga zija koyamba, masitepe anayi, n'kugwa chammbali. Ndinaseka ndekha pabwalo ngati chitsiru.

Sabata yachinayi muvi sunasunthe. Yachisanu unakwera kamzere kamodzi.

"Wina akumudyetsa," anatero enfermeru.

"Palibe. Kachitini ndimasunga ndine."

"Balansa ilibe chibale ndi munthu, mwanawe. Kafufuze."

Ndinaganizira anthu oyandikana nafe, kuti mwina akufuna amalume akwapulidwe. Ndinaganizira makoswe. Ndinafika poganizira ufiti. Kenako ndinazindikira kuti masana mphaka sankapezeka pakhomo. Ndinamutsatira. Ankayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mizere ya nyumba mpaka kuseri kwa loja. Ndine ndinamuphunzitsa kuyenda, ndipo iye anayenda kupita kokadya.

Tsiku lililonse ndinkawapakira amalume chakudya chamasana m'kambale kovindikira, chifukwa ankati kunyumba n'kutali. Ndinawapeza atakhala pamwala, kambale pansi, mphaka mutu uli m'kati. Ndiwo, mbatata, zonse. Iwo ankangomusisita pamsana.

"Amalume!"

Sanadzidzimuke n'komwe.

"Ine ndikuvuula matemba m'matope, ndikuyenda mtunda wonse uja ndi thumba, anthu akundiseka, inu mukuchita zimenezi? Msana ndi wanu, si wanga!"

"Amalira," anatero.

"Alire! Ndi mphaka!"

"Amalira ngati akufunsa."

"Akufunsa chiyani?"

"Kuti amene ankamulera aja abwera liti."

Ndikasowa chonena ndimakwiya kwambiri. Ndinanyamula mphaka, ndinabwerera kunyumba, ndinatenga lapizi. Pamisonkhano panali liwu lina la munthu wowononga ntchito mwadala. Ndinalemba mokanikiza mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka: "Amalume akuchita sabotaji pa rejimi. Ndawagwira ndi maso anga." Pansi pake ndinawonjeza: "Ndatopa nayo rejimi. Ikanangotha."

Kuyambira pamenepo masana ndinkamutsekera m'nyumba. Kambale kankabwerera kopanda kanthu monga kale, ine osafunsa. Madzulo ankati adya kale ku loja, n'kungotsina pang'ono. Ine maso anga onse anali pa mphaka. Tsiku lililonse ndinkamupapasa m'mbali kufuna nthiti. Muvi unayambanso kutsika. Loweruka lomaliza unaima pa makilu asanu ndi limodzi ndi timizere tisanu ndi tiwiri. Kwa ine kunali kupambana. Koma ndikamuyang'ana ndi maso a munthu wina, anali mphaka wonenepa basi.

Ndinapempha enfermeru kuti abwere kumsonkhano ndi balansa yake. Anadandaula za mawondo, koma anabwera panjinga.

Mudzi wonse unasonkhana. Milisiya mmodzi, msilikali wa m'mudzimo, anaima pambali, chamboko m'manja. Amalume anakhala pansi kutsogolo ndi jekete lawo. Ndinatulutsa mphaka m'thumba, anthu anayamba kunong'ona.

"Ndi yemwe uja."

"Wachita kuwonjezera."

"Waonda!" ndinakuwa. "Timizere tisanu! Zonse ndinalemba!"

Sekretariyu anatambasula dzanja. Ndinamupatsa kaderno ndi manja awiri. Ndinene zoona: ndinkanyadira. Ndinkafuna aone mmene amalembera munthu amene anamuchotsa sukulu.

Anawerenga ndi chala, milomo ikugwedera. Nkhope inasintha. Anayang'ana ine, anayang'ana amalume, anabwereranso patsamba. Kenako anawerenga mokweza, liwu limodzilimodzi.

"Rejimi. Rejimi ikuyenda bwino. Rejimi yothamanga imapha. Amalume akuchita sabotaji pa rejimi, ndawagwira ndi maso anga. Ndatopa nayo rejimi, ikanangotha."

Analoza manambala aja ndi chala.

"Manambala awa ndi a chiyani? Asilikali? Mfuti? Mumatumiza kwa yani?"

"Ndi makilu a mphaka!"

"Mphaka ali pati apa? Ndionetse pamene palembedwa mphaka."

Ndinayang'ana tsamba langa lokongola lija. Panalibe.

"Ndi liwu la Chipwitikizi," ndinatero. "Simulidziwa? Rejimi ndi pamene wina akukuyezera chakudya!"

Ndinanena zimenezi pamaso pa anthu amene miyezi yonseyi ankaima pamzere kuyezeredwa mchere ndi kachikho, sekretariyu ataima pomwepo. Mkulu wina kumbuyo anatsokomola. Mayi wina anaphimba pakamwa ndi nsalu. Ine ndinazindikira mochedwa, monga mwa masiku onse. Milisiya uja anasuntha phazi.

Pamenepo amalume anaimirira.

"Kamarada sekretariyu, mwanayu musiyeni. Walemba zoona. Sabotaji ndinachita ndine. Ndinkapatsa mphaka chakudya changa, iye atandiletsa. Za loja sindinakhudze, koma ngati pafunika msana, nawu."

Anavula jekete, naliika pansi bwinobwino. Anavula malaya. M'kati munali malaya enanso, anavulanso. Kenako anagwada kuti agone chafufumimba.

Milungu isanu ndi itatu ndinakhala ndikupapasa mphaka kufuna nthiti. Nthiti zinali apa. Zonse, mpaka ndikanatha kuziwerenga ndili pamene ndinaima. Mafupa a m'mapewa anatuluka ngati makasu awiri. Lamba anali ndi mabowo atsopano oboola ndi msomali, atatu. Ndinkaphikira munthu ameneyu tsiku lililonse. Ndicho anandichotsera sukulu. Kambale kankabwerera kopanda kanthu, ndipo sindinafunsepo kuti, mphaka atatsekeredwa, chakudyacho chinkapita kuti.

Anayankha ndi mayi wa mapasa uja, osafunsidwa.

"Mbatata zija munkapatsira mwana wanga wamkulu kuseri kwa loja, zinali zanu?" Iye anatembenukira kwa sekretariyu. "Ndinayambitsa ndine nkhaniyi, ndiithetsenso ndine. Wakuba nsomba saoneka chonchi. Valani, bambo, mukutichititsa manyazi."

Sekretariyu anagwirabe kaderno. "Za nsomba zili apo. Nanga izi? Sabotaji pa rejimi. Zalembedwa."

Enfermeru anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"Kamarada sekretariyu, liwulo ndinamupatsa ndine, ndi lachipatala. Koma ndithandizeni, ine ndakalamba. Mukuti mkuluyu wachita sabotaji pa rejimi. Rejimi yake iti? Ya atsamunda? Ngati ndi imeneyo, tiyeni timuombere m'manja."

"Ayi, si imeneyo."

"Ndiye iti? Boma lathuli? Inu mukulitcha rejimi?"

Aliyense ankadziwa amene ankalitcha choncho. Sekretariyu anayang'ana milisiya, milisiya anayang'ana kumwamba kwa mtengo.

Mnyamata wina kumbuyo anakuwa, "Ndi ya mtsamunda womalizayo!"

Anthu anaphulika. Kuseka kwenikweni tsopano, mpaka ena misozi. Enfermeru sanadikire. Anakoleka balansa panthambi, analowetsa mphaka m'kabudula, naitana sekretariyu kuti awerenge yekha muvi ndi kufananiza ndi nambala yomaliza ya mu kaderno. Zinafanana. Mphaka ankalendewera pamenepo, miyendo ili panja, akuyang'ana mudzi wonse mopanda chidwi.

Sekretariyu anakonza kukhosi. Anati msonkhano waona kuti mphaka ali panjira yodzikonza. Anati chamboko palibe, ku Fíngoè kulibe. Anati komabe kiyi wa loja apatsidwe munthu wina, chifukwa msonkhano sungathe wopanda chochita. Anati liwu lija lisamvekenso m'mudzi muno, kaya ndi la chipatala kaya la chiyani. Kaderno anamupinda n'kumuika m'thumba la malaya ake, pamodzi ndi masamba atatu a sukulu aja. Sindinamuonenso.

Pobwerera amalume anali patsogolo, jekete paphewa, ine pambuyo ndi thumba. Ndinkafuna kupepesa, koma sindidziwa kupepesa. Ndinati, "Bwanji simunanene?"

"Ukanalemba," anatero.

Kaya kunali kuseka kaya kudzudzula, sindikudziwa. Nkhope yawo sindinaione.

M'mawa mwake ndinafunafuna kachitini kena, kakakulu, ka mafuta ophikira. Ndinakhwatcha mzere m'kati, pafupi ndi kukamwa. Ndinayeza cha mphaka, ndinayeza cha amalume. Mphaka ndinamuikira pachitsa. Amalume ndinawaikira pamphasa, ine n'kukhala moyang'anana nawo, manja pachifuwa.

"Ukundilondera?"

"Idyani."

"Wamva akulira?"

"Ndamva. Idyani."

Anadya theka. Mawa lake anadya kupitirira theka pang'ono. Pepala ndinalibe, ndiye ndinatenga zingwe ziwiri za luzi n'kuzikoleka kumtanda. Loweruka lililonse china ndinkazunguliza pamimba pa mphaka, china padzanja la amalume pamwamba pa chigongono, n'kumanga mfundo pamene chalekeza. Amalume ankatambasula dzanja, maso ali kwina.

Mayi wa mapasa anabwera kudzatenga mkaka, naona zingwezo.

"Izinso n'chiyani, iwe wa kalasi yachisanu?"

"Zingwe."

"Za chiyani?"

"Zilibe dzina," ndinatero. "Bweretsani chikho."